Mphongo inatiyang'ana m'maso osathawa: nyengo yokwerana kapena matenda?

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Moni nonse a pagulu. Pali nkhani imene ikundizungulira m'mutu chichokere Lamlungu, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za nyama. Ambiri mukudziwa kuti ndinakwatira kuno kumwera kwa Michigan, kufupi ndi malire a Indiana. Apongozi anga aamuna ndi mlenje kuyambira ali mnyamata, ndipo chaka chino anandipempha kuti ndiziwaperekeza kukasaka mbawala za kuno zija, zomwe eni ake amati whitetail chifukwa cha mchira woyera kunsi. Ine sindinanyamule mfuti kapena uta, ndinkapita kukaonerera ndi kukathandiza kusenza.

Ulendo woyamba unali sabata yoyamba ya Novembala, nthawi imene amaloleza uta wokha. Tinakwera pa kansanja kamene anamanga mumtengo m'mphepete mwa munda wa chimanga chokolola kale, kusanache, chisanu chili mbuu paudzu. Cha m'ma 8 koloko inatulukira yaikazi ili pa liwiro, lilime lili panja. Pambuyo pake mphongo yaikulu, khosi lotupa ngati la nkhunzi, mphuno ili pansi, ikulira motsitsa ngati munthu wogeya. Inadutsa pansi penipeni pa mtengo wathu. Apongozi analira ngati mbuzi kuti iime, ndipo inaimadi, n'kukweza mutu, n'kutiyang'ana m'maso. Kenako inaweramanso n'kupitiriza ulendo wake ngati paja yaona chitsa. Iwo sanaponye muvi chifukwa panali nthambi pakati. Abale, izi ndi nyama zomwe miyezi yonse yotentha zimathawa ukangotsegula chitseko cha galimoto.

Ulendo wachiwiri ndi umene wandisowetsa mtendere. Kuno mfuti amayamba pa 15 Novembala mpaka pa 30. Pa tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, tinaona mphongo ina ikuzungulirazungulira malo amodzi pakati pa munda, mutu utapendekekera mbali imodzi. Tinatsika n'kuiyandikira wapansi mpaka mamita khumi, osathawa. Diso lakumanzere linali lotupa, ndipo patsinde pa nyanga pankatuluka mafinya. Apongozi anaiwombera kamodzi n'kunena kuti, "Iyi siyodya." Mutu apititsa kukayezetsa, nyama ili lende m'shedi yozizira.

Funso langa ndi ili: yoyamba ija sinatiope, yachiwiri sinatiopenso. Nanga kusiyana kwake kuli pati? Ndipo tingataye bwanji nyama yonseyi, ya makilogalamu oposa 70? Mtima ukundiwawa.

Nagama (South Bend):
Achimwene, musadye kaye. Dikirani zotsatira. Safunsa anadya phula, mwachita bwino kufunsa.

Phiri wa ku Liwonde:
Bambo a Tiyamike, ndisanayankhe funso lanu ndikonzeko dzina. Imeneyo si mbawala. Mbawala yathu, nswala, gwape, ngoma, ntchefu, zonsezi nyanga zake sizithothoka. Ndi fupa mkati ndi chikuto kunja, monga za mbuzi ndi ng'ombe, ndipo ikathyoka yathyoka mpaka imfa. Za kwanuko nyanga zake ndi fupa lokhalokha, zamphanda ngati nthambi, ndipo zimagwa chaka ndi chaka n'kumeranso. Ku Malawi kuno mtundu umenewo kulibe. Mu Africa muno ya mbadwa imapezeka kumpoto kwenikweni, kumapiri a Atlas cha ku Tunisia ndi Algeria.

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Ndamva a Phiri, zikomo. Ndiye tiziti chiyani pa Chichewa?

Phiri wa ku Liwonde:
Tiziti deer basi, monga eni ake. Tikati mphongo kapena yaikazi tizimvana.

Mtsikana wa ku Lansing:
Moni akuluakulu. Ine ndine wamng'ono pano koma maphunziro anga ndi a nyama zakutchire, ndiye ndiloleni ndiyikepo mlomo. Bambo a Tiyamike, mwaona zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Yoyamba ija inali yabwinobwino, inali chabe pa nyengo yokwerana. Chimene chimayambitsa nyengo imeneyi si kuzizira monga ambiri amaganizira, koma kufupika kwa usana. Usana ukayamba kuchepa, thupi la deer limazindikira, mphongo imadzaza ndi testosterone, timadzi ta m'thupi topatsa mphamvu zachimuna, khosi limatupa, ndipo khungu laubweya lomwe limakuta nyanga pomera limakhala litasupuka kale cha mu Seputembala. N'chifukwa chake kuno kumpoto nyengoyi imafika pachimake masabata omwewomwewo chaka chilichonse, kumayambiriro mpaka pakati pa Novembala, kaya kwatentha kaya kwazizira. Bere la deer ndi masiku pafupifupi 200, ndiye werengani: ana amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, msipu uli wanthete.

Tsono yaikazi imalola mphongo kwa tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ikapanda kutenga bere imadikira masiku pafupifupi 28. Ndiye mphongo ikagwira fungo la yaikazi imene yayandikira tsiku lake, ilibe nthawi yotaya. Inakuonani ndithu, inadziwa kuti pamtengo pali chinthu, koma inasankha kutsata fungo. Taonani mmene mwafotokozera: inkayenda molunjika, inamva kulira kwa apongozi anu, inaima, inayang'ana, inapita. Mutu wake unkagwira ntchito.

Yachiwiriyo sinasankhe kanthu. Kuzungulira malo amodzi, mutu kupendekeka, mafinya patsinde pa nyanga, zimenezo zimaloza ku chithupsa cha mu ubongo. Mphongo zikamenyana kapena zikamakhuza nyanga pamitengo mwamphamvu, patsinde pa nyanga pamachita bala kapena fupa limang'aluka, tizilombo timalowa, mafinya amadya fupa la chigaza mpaka kufika ku ubongo. Zimagwira makamaka mphongo zikuluzikulu, ndipo alenje amazipeza kuyambira nyengo ino mpaka kumapeto kwa nyengo yozizira ya kuno. Ndiye inde, nyengo yokwerana ili ndi mbali pa zonse ziwiri, koma ina inali ndi chilakolako, ina inali ikufa.

Mayi a Pemphero (London):
Mwana iwe wafotokoza bwino, Mulungu akudalitse pa sukulu yakoyo. Koma bwanji akuyeza mutu ngati ndi chithupsa chabe?

Mtsikana wa ku Lansing:
Zikomo mayi. Akuyeza chifukwa cha nthenda ina yotchedwa CWD. Imeneyi inayamba kuoneka ku Colorado mu 1967 pa deer zosungidwa mumpanda, ndipo kuno ku Michigan inapezeka koyamba pa deer yakutchire mu 2015. Siyambitsidwa ndi bakiteriya kapena vairasi, koma puloteni yopindika molakwika imene imawononga ubongo pang'onopang'ono, ya mtundu umodzi ndi nthenda ya misala ya ng'ombe ija inavuta ku Britain. Deer yodwala imaonda mpaka nthiti kuonekera, imatuluka dovu, makutu amagwa, imadzandira, ndipo mantha ndi anthu amatha. Palibe munthu amene anatsimikizika kuti anaitenga, komabe a zaumoyo amati musadye nyama ya deer imene yapezeka nayo. Kuphika sikuipha, ngakhale muwiritse tsiku lonse. Poyeza amatenga tizigawo ta kukhosi ndi tsinde la ubongo, n'chifukwa chake amafuna mutu.

Agogo a Kondwani (Dowa):
Adzukulu, ndauzidwa ndi Kondwani kuti pagulu pali nkhani ya alenje, ndiye akundilembera ndikulankhula. Ife tili anyamata tinkapita ku uzimba chilimwe, tchire likapsa, ndi agalu, mauta ndi zibonga. Panali lamulo limene akuluakulu sankalinyengerera. Nyama yakutchire ikakuona n'kuima, osathawa, kapena ikalowa m'mudzi masanasana, tinkati ndi malodza. Imeneyo sinkafika pamoto. Tsiku lina gwape anabwera yekha mpaka pankhokwe ya amalume anga, akuyenda ngati woledzera. Ife ana tinasangalala kuti ndiwo zadzibweretsa. Amalume anatikalipira, anamupha, anakamukwirira kudambo, dzenje lakuya kuti agalu asafukule. Usiku umenewo tinadyera nkhwani, ena akulira. Bambo a Tiyamike, apongozi anuwo ndi mlenje weniweni. Amvereni.

Wa Ziweto ku Chipata:
Agogo anenadi zoona, ndipo ife a zaziweto timaphunzitsa zomwezo m'mawu ena. Nkhandwe ikabwera pakhomo masana yosaopa anthu, timaganiza za chiwewe. Ndipo kuno ku Zambia sitinaiwale za 2011 ku Chama, pamene mvuu zinafa ndi nthenda ya anthrax mumtsinje wa Luangwa, anthu n'kudya nyamayo, mazana n'kudwala, ena kumwalira. Bambo a Tiyamike, kodi posenda munavala magolovesi? Mipeni ndi macheka mwatsuka ndi chiyani?

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Apongozi anavala, ine ndinangogwira miyendo. Mipeni anaiviika mu jiki. Agogo, mawu anu andikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse. Ndimaona ngati ndi kuwononga kwa anthu okhuta, kumene ndi nzeru yomweyo ya kwathu.

Mtsikana wa ku Lansing:
Pa chithupsacho ndiwonjezere pang'ono, bambo. Ngakhale CWD itapanda kupezeka, nyama imene yakhala ndi mafinya ochuluka chotero kwa masabata, tizilombo tikhoza kukhala titalowa m'magazi. Alangizi ambiri amati isiyeni. Ine sindingadye, ndipo sindingapatse a Tiyamike.

Mwale wa ku Inverness:
Pepani ndachedwa, ndinali ku ntchito. Nkhani imeneyi yandikhudza chifukwa kuno ku Scotland tangotuluka kumene m'nyengo yomweyi. Za kuno ndi zazikulu kuposa zanu, amati red deer, ndipo zimayamba msanga, kumapeto kwa Seputembala mpaka mu Okutobala. Ine ndimagwira ntchito pa nyumba ya alendo kumapiri, komwe alenje amabwera kudzagona. Usiku wanga woyamba wa Okutobala, zaka zinayi zapitazo, ndinadzuka ndi mantha. Chinthu chinkabangula kuseri kwa phiri, mawu akuya, china n'kuyankha kutsidya kwa chigwa. Ndinakulira kufupi ndi Nkhotakota, ndiye thupi langa linangoti mkango. M'mawa ndi pomwe anandiuza kuti ndi mphongo za deer.

Za kuno khalidwe lake ndi losiyana ndi mwafotokozalo. Yanuyo imathamangitsa yaikazi imodzi m'nkhalango. Ya kuno imasonkhanitsa zazikazi khumi kapena kuposa poyera, n'kumazilondera usana ndi usiku, osadya n'komwe. Imagubuduka m'matope akuda a m'dambo, imadzikodzera pamimba, imatuluka yakuda bii ndi fungo loti ukhoza kulimva usanaione. Mnzake akabwera, sizithamangira kumenyana. Zimayamba zapikisana kubangula, nthawi zina kwa nthawi yaitali. Ngati palibe wogonja, zimayenda moyandikana mbali ndi mbali, chapang'onopang'ono, kuyezana ndi diso. Zambiri zimathera pomwepo, wofooka amangopatuka. Zikakhala zofanana mphamvu ndi pamene zimatembenukirana n'kulumikiza nyanga. Pa chilumba cha Rum akatswiri akhala akutsata deer zimenezi imodziimodzi kuyambira m'ma 1970, ndipo zambiri zomwe anthu amadziwa za kubangulaku zinachokera kumeneko.

Chachilendo chimene ndinaona ndi maso anga: tsiku lina anandilola kutsata mlenje wa pamalopo ndi mlendo wake. Tinakwawa m'chinyontho pafupifupi maola awiri. Mlenjeyo anaika manja pakamwa n'kubangula. Mphongo imene inali patali inasiya zazikazi zake n'kubwera molunjika kwa ife, ikuthamanga, mpaka tinaona nthunzi ya mpweya wake. Inaima, inafufuza mdani wake ndi maso, sinamupeze, inabangula pamaso pathu penipeni. Mlendo uja manja ankanjenjemera, sanathe kuwombera. Pobwerera anati sakudandaula ngakhale pang'ono.

Phiri wa ku Liwonde:
A Mwale, mwandikumbutsa nswala zathu. Kuno zimachita zimenezi kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, mvula itatha. Anthu saganiza kuti nswala ikhoza kubangula, koma alendo anga ambiri amandigwira dzanja usiku n'kufunsa ngati ndi kambuku. Mphongo imadula dera lake, imatsekera zazikazi, yaikazi ikafuna kuchoka imaithamangitsa n'kuibweza. Pakutha sabata imodzi kapena ziwiri imakhala yatheratu, ina n'kuilanda malo. Ndipo chibwerere akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndimaona kuti mphongo zotopazi ndi zomwe zimagwidwa kawirikawiri nyengo imeneyo, chifukwa maso ali pa zazikazi, osati pa tchire. Ana amabadwa ndi mvula yoyamba, Novembala ndi Disembala. Ndiye inu mukamaona mphongo zikupenga ku Michigan, ife kuno tikuona tiana tikuyamwa.

Mtsikana wa ku Lansing:
Ndipo chifukwa chake n'chimodzi, a Phiri. Kwanuko usana umafupika mu Epulo ndi Meyi, kuno mu Okutobala ndi Novembala.

Nabanda (Manchester):
Ine ndawerenga zonse ndipo ndikufuna kunena zakukhosi, mundikhululukire. Yodwalayo ndikumvetsa, kuipha kunali kuichitira chifundo. Koma enawo? Nyama imene chaka chonse imakhala yochenjera, inu mukuidikirira nthawi imene nzeru zaichokera, n'kumaiitana ndi mawu a mnzake kapena fungo la mkazi. Kwa ine kumeneko ndi kutchera munthu msampha pa ukwati wake. Bwanji osadikira kuti zimalize?

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Achemwali, sindikutsutsani, chifukwa ndili pamtengo paja ndinaganizanso chimodzimodzi. Ndinafunsa apongozi. Anandiuza kuti pa masiku khumi amene akhala pa kansanjako chaka chino, maola ambirimbiri m'chisanu, mphongo yaikulu aiona kawiri kokha. Nthawi zina zonse imayenda usiku, sungaione. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinawaona akudekha. Ndinawaonanso akutsitsa uta chifukwa cha kanthambi kamodzi, poopa kuivulaza n'kuisiya ikuvutika. Zimenezo zinandipatsa ulemu pa iwo.

Nabanda (Manchester):
Ulemu pa apongozi anu ndilinawo, achimwene. Koma si onse ali ngati iwo. Ena amangofuna nyanga zopachika pakhoma.

Mwale wa ku Inverness:
Pamenepo achemwali mwanena zoona. Ndipo nyama ya mphongo imene yatha masabata ikubangula siikoma, imanunkha ndipo mafuta amakhala atatha. Amene akufuna ndiwo amasankha yaikazi kapena mphongo ya nyengo isanayambe. Ofuna ya pachimake pa nyengo ambiri akufuna nyanga ndi nkhani yokasimba kwawo. Koma kuno kulibe mimbulu kapena chilombo china chodya deer, zinatha kalekale. Zikachuluka zimadya timitengo tonse tongomera, nkhalango osabwereranso. Wina ayenera kuzichepetsa.

Nabanda (Manchester):
Kuchepetsa ndavomera. Pa nthawi yake ndi pomwe mtima wanga sunakhutire, ndipo ndikhala choncho.

Nagama (South Bend):
Ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene si mlenje koma anakumana nayo. Ndimagwira ntchito usiku kuchipatala. Chaka chatha, sabata yachiwiri ya Novembala, ndikupita ku ntchito chakumadzulo, yaikazi inadumpha msewu patsogolo panga. Ndinaponda mabuleki, inadutsa, ndinapuma. Nditangoyambanso kuyenda, mphongo imene inkaitsata inadzagunda chitseko changa chakumanzere. Sindinaigunde ine, inandigunda ndi iyo. Galasi linaphwanyika, nyanga inang'amba chitsulo pafupi ndi phewa langa. Inagwa, inadzuka, n'kupitiriza kutsata mnzake uja ikutsimphina.

Ndiye abale amene mwangofika kumene kuno, mverani. Mukaona imodzi, dziwani kuti pali ina pambuyo. Mwezi woopsa ndi Novembala, chifukwa cha nyengo yokwerana, komanso chifukwa Lamlungu loyamba la mweziwu timabweza mawotchi ndi ola limodzi, mdima n'kumagwa nthawi yeniyeni yoweruka, yomwenso deer zimayenda. Ku Michigan kokha ngozi za galimoto ndi deer zimaposa 50,000 pa chaka. Ikatulukira, pondani mabuleki molunjika, musakhotetse chiwongolero. Ovulala kwambiri amene ndawaona kuchipatala ndi amene anaizemba n'kukagunda mtengo kapena galimoto ina.

Mayi a Pemphero (London):
Nagama mwanawe, Mulungu anakusunga. Kuno ku London tili nazo ku Richmond Park ndi Bushy Park, zoposa 600 ku Richmond kokha, zimangoyenda momasuka. Zikwangwani zimanena kuti tizikhala mamita 50 kutali, koma mu Okutobala umapeza anthu azungulira mphongo ndi mafoni, ena atanyamula ana. Chifukwa zinazolowera anthu amaziyesa mbuzi za pakhomo. Ine ndinaona mphongo itakola udzu ndi masamba pa nyanga ngati chisoti, maso ofiira, ikuthamangitsa bambo wina mpaka anakabisala kuseri kwa mtengo. Chiyambire pamenepo adzukulu anga sindipita nawo kumeneko mpaka Disembala.

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Mayi, apongozi anandiuzanso kuti mnansi wawo anali ndi chifanizo cha deer cha pulasitiki chophunzirira kuponya mivi kuseri kwa nyumba. M'mawa wina anachipeza chitagwetsedwa, chitaboolekabooleka, pansi ponse pali mapazi. Mphongo inamenyana nacho usiku. Mtsikana wa ku Lansing, pali chinanso ndinaona. M'mphepete mwa nkhalango munali malo opalasidwa, dothi lili poyera ngati lichero kukula kwake, ndipo pamwamba pake kanthambi kotafunidwa. Apongozi anandiletsa kupondapo.

Mtsikana wa ku Lansing:
Imeneyo ndi bolodi yawo ya mauthenga, bambo. Mphongo imapalasa pansi ndi ziboda, imanyambita ndi kukhuza nkhope pa kanthambi kam'mwambako, chifukwa pamphumi ndi pafupi ndi maso pali tiziwalo totulutsa fungo. Kenako imaphatikiza miyendo yakumbuyo n'kukodzera pa timagulu ta ubweya tili mkati mwa mfundo za miyendoyo, mkodzo n'kutsikira pa dothi lija. Nyengo ino ubweya umenewo umada bii. Deer ina iliyonse yodutsa imanunkhiza n'kudziwa amene wadutsa. Akanakuloleni kupondapo mukanasiya uthenga wanu, ndipo mphongo ikanayamba kubwera usiku wokha.

Wa Ziweto ku Chipata:
Amene anaweta mbuzi palibe chachilendo apa. Tonde amadzikodzera kumaso ndi miyendo yakutsogolo, ndipo akanunkhiza mkodzo wa yaikazi amakweza mutu n'kupinda mlomo wam'mwamba, mano ali pamtunda. Sakuseka ayi. Kumwamba kwa m'kamwa kuli kachiwalo kena kolawira fungo, ndiko kamamuuza ngati yaikazi yakonzeka. Deer imachita chimodzimodzi, nkhunzi chimodzimodzi.

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Ndinaionadi ikuchita zimenezo pamene yaikazi inaima kukodza! Ndinakumbuka tonde wa agogo anga ku Ntcheu.

Mwale wa ku Inverness:
Kodi kwanuko zimachitikanso zoti nyanga zikolane osamasukanso? Kuno mlenje wathu ali ndi zigaza ziwiri zolumikizana, anazipeza m'chigwa.

Mtsikana wa ku Lansing:
Zimachitika, a Mwale, ngakhale si kawirikawiri. Nyanga zimapindika pang'ono pogundana mwamphamvu, mphanda zimalowerana, zikabwerera m'malo mwake ndiye zatsekana. Zonse ziwiri zimatha kufa ndi kutopa ndi ludzu, kapena kugwera m'madzi n'kumira. Nthawi zina imodzi imafa, inayo n'kumakoka mtembo wa mnzake kwa masiku, ankhandwe a kuno otchedwa coyote akudya wakufayo. Alenje ndi oyang'anira nyama akazipeza zamoyo amayesa kudula nyanga imodzi ndi sowo kuti azilekanitse. Ndi ntchito yoopsa, chifukwa yamoyoyo sidziwa kuti mwabwera kudzaithandiza.

Ndipo ngakhale zopambana zimalipira. Mphongo imatha kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lake pa masabata ochepawa, kenako chipale chimagwa chakudya chili chosowa. Zina zazikulu zimene munaziona zikunyada mu Novembala sizifika mu Malichi.

Agogo a Kondwani (Dowa):
Mwana wa ku Lansing, ukadzabwera kumudzi udzafike ku Dowa, udzandifotokozere zimenezi pamaso. Ndili ndi mafunso ambiri, Kondwani watopa kulemba.

Mtsikana wa ku Lansing:
Ndidzafika agogo, ndi ulemu wonse.

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Abale, ndabweranso patapita masabata awiri monga ndinalonjezera ena ku inbox. Nyama ija sitinadikire nayo, tinaikulunga m'mapulasitiki n'kukaitaya kumalo ovomerezeka tsiku lotsatira nditawerenga mawu anu. Zotsatira zatuluka dzulo: CWD palibe. Koma potsegula chigaza anapeza zimene mtsikana wathu ananena. Pansi pa nyanga yakumanzere fupa linali litadyeka, lofewa, ndipo mkati munali mafinya obiriwira odzaza malo aakulu ngati dzira la nkhuku.

Usiku wathawu apongozi anandiitana kuti tione zithunzi za kamera imene amamangirira pamtengo kunkhalango. Anaipeza mphongo yodwala ija pa zithunzizo. Pa chithunzi cha mu Ogasiti ili ndi inzake, zikudya limodzi m'munda wa soya, nyanga zikadali ndi ubweya. Cha pakati pa Okutobala zili ziwiri zomwezo, zikukankhana mitu. Pa cha kumapeto kwa Okutobala ili yokha, mphanda imodzi yathyoka, magazi ali pamphumi. Inzakeyo, tikayang'ana maonekedwe a nyanga, ndi ija inadutsa pansi pa mtengo wathu n'kutiyang'ana m'maso. Apongozi anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi cha mu Ogasiti chija.

Nabanda (Manchester):
Zandikhudza, achimwene. Nanga inayo ilipo?

Bambo a Tiyamike (Michigan):
Ilipo, achemwali. Kamera inaijambula pa 1 Disembala, mfuti zitatsekedwa, yowonda, khosi laphwa, ikudya zotsalira za chimanga pamodzi ndi zazikazi zitatu, osazilabadira n'komwe. Apongozi akuti chaka chino aisiya. Akuti kumapeto kwa Febuluwale, chipale chikayamba kusungunuka, tidzapite ndi Tiyamike kukafunafuna nyanga zake pomwe idzazigwetse.

Phiri wa ku Liwonde:
Mukadzazipeza mudzatumize chithunzi pano, mutaziyika pafupi ndi dzanja lanu kuti tione kukula kwake. Ndikufuna ndidzaonetse anyamata amene ndikuwaphunzitsa ntchito, chifukwa ndikawauza kuti kuli nyama imene imataya nyanga n'kumeretsa zina m'miyezi inayi kapena isanu, amakana.